Ndalama Zakuda za a Rowland

Temwa anali akupukuta ndalama yomaliza pamene anamva ndodo ya a Rowland ikugogoda polowera kukhitchini.

Mkuluyu, amene Temwa ankamusamalira kunyumba kwake ku Bolton, anali ndi kabokosi ka ndalama zasiliva zamakedzana, zimene anasulitsa mabishopu a ku Jeremani pa nthawi imene ankalamulira mizinda ngati mafumu. Ankazikonda koopsa. Koma zinali bii ngati kunsi kwa poto, ndipo Temwa, amene anakula akudziwa kuti chiwiya chakuda n'chamanyazi, zinkamunyansa. Mkuluyo atagona masana, iye anazikwecha ndi kawaya kotsukira mapoto mpaka waliwali.

"Bambo, taonani zimene ndakuchitirani."

A Rowland anatola imodzi n'kuiyang'ana pawindo. Nkhope ya bishopu inali timizere tokhatokha.

"Kuda kuja ndiye kunali ulemerero wake," anatero motsitsa mawu. "Sikubwereranso."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti mwana wawo Terence abwera madzulo omwewo.

Temwa anatuluka panja n'kuimbira Eneless, mnzake wa kuntchito.

"Iwe, unatumidwa ndi ndani?" anatero Eneless. "Terence akangoimba ku ofesi ya mabwana athu, ntchito yatha, viza yapita, ukakwera ndege. Ukane! Si madalawo amaiwalaiwala? Unene kuti akwecha okha."

"Aaa, ine bodza limenelo ayi."

"Chabwino mayi busa, kalongedze."

Terence atafika anatsegula kabokosiko n'kuona ndalama zija. Sanafunse n'komwe kuti wachita ndani. Anatembenukira bambo ake.

"Adadi, mwayambanso? Tsiku lija munasiya mbaula yoyaka, lero mwawononga izi. Basi, nokha muno simungakhalenso. Ndikukupezerani malo kosungira okalamba."

A Rowland anakweza maso n'kuyang'ana Temwa, amene anaima pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Anamuyang'ana modikira, mopanda mkwiyo, ndipo Temwa anachita mantha kuposa kale. Anatsala pang'ono kuulula. Koma anaganiza za viza ija.

"Mumathira shuga?" Temwa anafunsa Terence.