Masamba Pamsewu wa ku Manda

Nkhani ya makadamiya itafika pa esiteti ya tiyi ya kumtunda kwa Samanga ku Zimbabwe, mai Selestina anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ati tiyi watsika mtengo kutsidya kwa nyanja, ndiye kampani ikufuna malo obzala mitengo ya mtedza wa makadamiyawo. Malowo anali kumapeto kwa munda, pamene pali manda a anthu ochokera ku Malawi. Pamenepo m'pamene anagona amuna awo a Custodio, ndipo pambali pawo mai Selestina anali atasungapo malo awoawo, n'kuikapo miyala inayi. Kumudzi kwa makolo ku Mulanje sanapondeko n'kamodzi komwe. Kwawo kunali pamiyala inayipo basi.

Mwana wawo Chengetai ndiye anali katswiri wa zamtendere. Anachita maphunziro a masiku atatu pa hotela ku Mutare, n'kubwerako ndi malaya ojambulidwa nkhunda.

"Mhamha, masiku ano sitilimbana ndi zibakera," anatero. "Tilemba chikalata pa foni, dziko lonse lisayine."

Linasayinadi dzikolo. Anthu zikwi zisanu ndi zitatu, a ku Canada, a ku Germany, anthu oti ukawasiya pa tauni yapafupi ya Hauna sangadziwe minibasi yokwera. Koma buludoza sawerenga, abale. Lolemba m'mawa anamveka akubangula kumtunda.

Mai Selestina anatula dengu la tiyi, n'kuthyola nthambi zamasamba aawisi, n'kuziyala modutsa msewu, monga timachitira pakagwa maliro. Kenako anavala mpango wakuda n'kukhala pansi, miyendo tambalale.

Woyendetsa buludoza anali Malachi, mdzukulu wa munthu wa ku Thyolo. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma masambawo anawamva bwinobwino. Anazimitsa injini, anavula chipewa, n'kutsika.

"Pepani amai. Zagwa liti?"

"Khala pansi, mwanawe."

Anakhala. Munthu woleredwa bwino angadutse bwanji pasiwa ataimirira? Azimai othyola tiyi ataona masamba anatula madengu. A Chishona nawonso anabwera, poti maliro alibe mtundu. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndipo pofika masana m'minda munalibe ngakhale mmodzi.

Manijala, bambo Obert, anafika pa galimoto ali thukuta kamukamu.

"Wamwalira ndani?"

"Amuna anga, bwana."

"Liti?"

"Zaka khumi ndi zisanu zapitazo."

"Nanga maliro ake mpaka lero?"

"Tinalira tinamaliza, bwana. Koma mwati muwadzutse, ndiye tayamba kaye kulira kuti ntchito isachuluke tsiku limodzi."

Bamboyo anaitana apolisi. Wapolisi anafika, anayang'anayang'ana mwala kapena chikwangwani choti amangire munthu, sanapeze. Mapeto ake anavula chipewa nayenso n'kupepesa namfedwa.

Inali nyengo ya mvula, ndipo tiyi sadikira munthu. Ukachedwa kumuthyola masamba amakhwima, fakitale n'kuwakana. Tsiku lachinayi kampani inagonja: manda sakhudzidwa.

Ha, kutamandana kwake! Mabungwe akunja analemba kuti chikalata chija chapulumutsa manda. Chengetai anamuitanira ku msonkhano wa zamtendere ku Nairobi. Kampani, imene dzulo lomweli inatuma buludoza, inajambula mandawo n'kuika chithunzi pa mapaketi a tiyi opita kunja, ati imalemekeza mbiri ya antchito ake. Mai Selestina sanawatchule, ndipo iwo analibe nazo kanthu. Mtima wawo unali mbee.

Patatha mwezi anatenga tsache kuti akasese pamanda a amuna awo. Anapeza mpanda wa waya wonyezimira, geti lokhoma ndi loko, ndi chikwangwani cha Chingerezi. Malachi, amene anali kusalaza msewu chapafupi, anabwera kudzawawerengera.

"Akuti ano ndi malo a mbiri yakale, otetezedwa. Kiyi ali ku ofesi." Anakanda m'mutu. "Akutinso kuika maliro atsopano muno n'koletsedwa."

Mai Selestina anasuzumira pawaya. Miyala inayi ija anali ataichotsa, n'kubzalapo maluwa okongola zedi. Mtima unawapweteka kuposa tsiku limene anamva buludoza akubwera. Munthu wobwera ndi chitsulo umamukhalira pamsewu. Nanga wobwera ndi maluwa umamutani?

Anatsamiritsa tsache pawaya. Kenako anatembenukira kwa mnyamatayo.

"Malachi, buludoza wakoyu, waya ngati uyu angamuvute?"

"Ayi amai, kungomukhudza basi."

"Chabwino. Tsiku langa likadzafika usadzavule chipewa. Udzalize injini."