Kasikuluwu ka Kumchira

Helikoputa yoyamba ya rimoti kuuluka kwathu ku Kapata inali yanga, ndipo wofuna kutsutsa abwere anditsutse pamaso. Ine ndine Gabrieli Tembo, ndimakonza mafoni m'kashopu ka malata pafupi ndi msika. Helikoputayo ndinaigula yothyokathyoka kwa dalaivala wina wa mabasi a ku Lusaka. Kutalika kwake ngati mkono wanga. Ndinaikonza masabata atatu, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi anthu ankadzaza pabwalo la mpira kudzaonera a Tembo ndi ndege yawo.

Moyo wa helikoputa uli kumchira. Mapiko aakulu akamazungulira, thupi lonse limafuna kuzungulira nawo mobwerera, ndiye timapiko ta kumchira ndi timene timaligwira kuti liyang'ane kumodzi. Pa yanga timapikoto tinkayendetsedwa ndi lamba wodutsa m'kati mwa paipi ya mchira, ndipo lambayo anali atatha mano. Ikangonyamuka, mchira unkayamba kugwedezeka uku ndi uku ngati galu waona mbuye wake. Posachedwa anthu anayamba kuitcha Galu wa a Tembo. Dzinalo analiyambitsa ndi Lenia.

Lenia ndi mwana wa amalume, msuweni wanga weniweni, ndipo mukudziwa kuti pakamwa pa msuweni palibe chitseko. Chiyambire ubwana sananditchulepo dzina bwinobwino. Ndine "iwe", ndine "mwamuna wanga wosauka", ngakhale pamaso pa mkazi wanga Dolika, amene amangoseka mpaka misozi. Nanenso ndinkamubwezera, ndipo chipongwe chimenecho chinkandikomera kuposa ulemu wa anthu ambiri.

Lenia amaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ku Chiparamba. Kuulutsa ndinamuphunzitsa ndine, ndi manja angawa. Kenaka anagula yake yofanana ndi yanga, ndipo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi ankaiimitsa m'mwamba osasuntha ngati kabawi waona mwanapiye. Anthu anayamba kundipatsa nkhongo n'kumaonera iye. Ndinene mosabisa, ndinachita nsanje.

Tsiku lina Dolika anabwera kuchokera ku kwaya ndi nkhani. Akuti pa sukulu ya Lenia padzakhala tsiku la sayansi Loweruka, makolo aitanidwa, ndipo padzauluka helikoputa. Ine osauzidwa kanthu. Mwini luso kumvera ku kwaya!

Lachitatu masana Lenia anatulukira pashopu, helikoputa yake ataikulunga m'chitenje, kudzanja lina katoni.

"Iwe, siya mafoni a eni ake. Manje ona izi, zafika lero pa basi."

Ndinatsegula katoniyo. Munali mchira watsopano umene ndinkaulota chaka chathunthu. M'malo mwa lamba munali shafti, kandodo kachitsulo kozungulira m'kati mwa paipi, magiya achitsulo mbali zonse ziwiri, ndi kamota kofulumira kokhotetsa timapiko. Mchira wotere sugwedezeka, ngakhale mphepo ya Ogasiti iwombe bwanji.

"Undimangire, mwamuna wanga. Nzeru ulibe, koma zala uli nazo."

"Bwanji osamanga wekha, si ndiwe katswiri masiku ano?"

"Ah, wayamba kale kulira? Loweruka ubwere udzandinyamulire mabatire. Galu wako umusiye kunyumba, angadzalume ana a eni."

Anatuluka akuseka. Masiku onse ndikanamuponyera mawu anga, koma tsiku limenelo mawu ake anandilowa m'fupa. Ine wonyamula mabatire!

Ntchitoyo ndinaigwira bwino, zimenezo palibe angandilande. Ndinachotsa lamba ndi timawilo take, ndinapaka mafuta timaberingi tozunguliramo shafti, n'kulowetsa shaftiyo pang'onopang'ono kuti isapindike. Magiya ndinawalumanitsa mpaka ankazungulira mosalira. Kamota katsopano ndinakayesa kumanja ndi kumanzere kakhumi konse. Kunatsala kasikuluwu kamodzi, kochepa ngati njere ya mpunga, kamene kamagwira timapiko pa chitsulo chake. Kameneka kamafuna dontho limodzi la guluu wabuluu. Popanda guluu kamamasuka ndi kunjenjemera kwa injini, timapiko timaleka kugwira, ndipo helikoputa imazungulira ngati nguli mpaka kugwa.

Kabotolo ka guluu ndinakatsegula, ndinakayang'ana, ndinakatsekanso. Kasikuluwu ndinakamanga kouma.

Ndinadziuza kuti si nkhani yaikulu. Iuluka mphindi zitatu, izungulira, igwera pa udzu, lithyoka phiko limodzi, anthu amuseka kamodzi kokha, adziwe mmene zimawawira. Za ana okhala mozungulira bwalo sindinaziganize n'komwe. Nsanje ili ndi diso limodzi, ndipo langa linkangoona Lenia.

Loweruka tinakwera minibasi ndi Dolika. Povala jekete yanga ya ku tchalitchi ndinaponya kabotolo kaja m'thumba, pamodzi ndi kakiyi komangira tisikuluwu. Musandifunse chifukwa chake. Mwina mtima unali utayamba kale kundiluma.

Tinapeza bwalo la sukulu litadzaza. Anamanga chingwe cha khonje kuzungulira, ana a makalasi aang'ono atakhala pansi kutsogolo, maondo akukhudza chingwecho, makolo kumbuyo pansi pa mitengo ya mango. Ana ena anaonetsa nyale ya mabatire, ena sefa ya madzi ya mchenga ndi makala. Ine ndinaima pambali ndi chikwama cha mabatire, nkhope ngati ndadya ndimu.

Kenaka ahedi anatenga chimkuzamawu.

"Makolo ndi ana, lero tili ndi mlendo wolemekezeka wochokera m'tauni. Madamu athu a sayansi akuti zonse zimene amadziwa za ndege anaphunzira kwa bambo ameneyu, ndipo anatipempha okha kuti woulutsa lero akhale iyeyo. Tiwaombere m'manja a Gabrieli Tembo!"

Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali Tembo wina. Lenia anafika n'kundikankhira rimoti pachifuwa.

"Tseka pakamwa, mulowa ntchentche," anandinong'oneza. "Umati ndikuonetse kwa anthu ndi galu wako uja? Mchirawu ndagulira iwe, chitsiru. Ikatera tiumasula, ukauike pa yako."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikuuze kuti utupe mutu sabata yonse? Ulutsa, ana akudikira."

Ndiye chisuweni chimenecho. Chabwino sachinena poyera, amachikulunga m'chipongwe, ndipo ine amene ndinakulira momwemo ndinalephera kumasula mfundo yake.

Ndinaika helikoputa pakati pa bwalo. Choipa chitsata mwini, ndinachiona ndi maso tsiku limenelo. Maganizo anandiuza kuti uuluke mphindi imodzi yokha, utere msanga, palibe adzadziwe. Ndinakankha kandodo ka rimoti, mapiko anayamba kulira, fumbi n'kunyamuka. Ana anakuwa ndi chimwemwe n'kukhamukira pachingwe, ena mitu italowa kale m'kati. Mapiko amenewo amadula chala ngati mpeni. Kasikuluwu kakamasuka, helikoputa simvera munthu, imapita kumene yafuna.

Ndinazimitsa.

Ndinagwada pafumbi ndi buluku langa la ku tchalitchi, ndinatulutsa kakiyi ndi kabotolo. Lenia anabwera n'kunjuta pambali panga. Kasikuluwu kanamasuka mosavuta, koyera mbee, kopanda ngakhale kadontho ka buluu. Lamulo limenelo ndinamuphunzitsa ndine tsiku loyamba: chitsulo pa chitsulo, guluu kaye.

"Unaiwala?" anandifunsa motsitsa mawu.

Khomo analitsegula yekha, ine kwanga kunali kungoti inde. Koma maso ake anali pa kabotolo, kenaka pa thumba la jekete. Munthu woiwala sayenda ndi guluu m'jekete ya ku tchalitchi. Ndinadontheza guluu pa kasikuluwu n'kukamanganso, ndipo iye anamva zonse.

Anaimirira, anasasa fumbi pa siketi, n'kukauza ahedi kuti akatswiri akufuna guluu aume kaye, ana apitirize zoonetsa zawo. Tinadikira ola lathunthu. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Nthawi itakwana ndinaiulutsa, ndipo sindinaulutsepo chinthu chokoma chotero. Mchira unangoti nji, ngati waukhomera ndi msomali. Ndinaikweza kupitirira mitengo ya mango, ndinaitembenuza, ndinaiimitsa m'mwamba, ndinaitsitsa pamalo pomwe inanyamukira. Ana anavina, amayi analuluta, ahedi anandigwira chanza ndi manja awiri. Ulemu wonse umene ndinkaulirira unabwera tsiku limodzi, koma unkangondiwawa.

Anthu atayamba kubalalika ndinapita pamene Lenia ankakulunga helikoputa m'chitenje. Ndinali wokonzeka. Ndinkafuna anditukwane, anditche mfiti, njoka, galu, chilichonse, pamaso pa Dolika ndi aphunzitsi anzake. Msuweni akakutukwana ndiye kuti nkhani yatha, mawa museka.

Anatembenuka, anapinda bondo pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, monga amachitira kwa abusa.

"Zikomo kwambiri, a Tembo. Mwatithandiza. Muyende bwino."

Dolika anayamba kuseka poyesa ndi nthabwala yatsopano, koma atationa nkhope tonse awiri analeka kuseka. Titafika pa Kapata ndinamuuza zonse, ndipo anangoti, "Mwadzidula nokha."

Lolemba kondakitala wa minibasi anandisiyira katoni pashopu. Munali mchira uja, womasulidwa bwinobwino, tisikuluwu tonse m'kapepala. Ndinaumanga pa helikoputa yanga, ndi guluu paliponse. Siigwedezanso mchira, ndipo dzina la Galu wa a Tembo linafa lokha.

Papita miyezi itatu tsopano. Lenia ndimakumana naye ku tchalitchi, pa maliro, kwa amalume. Sanauze munthu aliyense, ndipo sandizemba. Sabata yatha anabwera pashopu ndi foni yosweka galasi. Ndinayesa mwayi wanga.

"Mkazi wanga wamwano, wakhalira foni kodi?"

Anaima pakhomo osalowa, ngati kasitomala wina aliyense.

"Mwaswera bwanji, a Tembo? Ndidzaitenge liti?"