Bokosi Lomwe Linabwera Lokha

Majekete atatu anali atapita kale, nsapato nazo zitapeza eni ake, pamene a Paston anagwada n'kukoka bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi. Linali lokulungidwa m'chiguduli, koma analizindikira ndi chogwirira chake chomanga ndi waya. Linakhuluzika pasimenti, ndipo mayi Winnie, ali pamphasa pakhomo la chipinda atafunda nsalu yakuda, anamva phokosolo m'mano.

Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda amuna awo, a Davis Longwe, ndipo abale anali kugawa katundu wa malemu. Wogawa anali a Paston, mkulu wawo wa malemuwo.

"Ili siligawidwa," anatero a Paston. "Ndi la ada wathu, bambo otibereka. Libwerera kumudzi."

"Anandipatsa ine," anayankha Keziah, mwana wamkazi wa malemu, ali chiimire pazenera. "Ndilo ndinyamulire mawa."

Ku Chikale kunalibe wamkulu wosadziwa mbiri ya bokosilo. Bambo awo a Paston ndi a Davis analitenga popita ku migodi ya ku Joni. Masiku amenewo mwamuna asananyamuke ankalemba ndi penti pachivundikiro: pamwamba dzina lake, pakati kumene akupita, pansi penipeni kwawo, kuti zikavuta katundu adziwe njira. Zinavutadi. Bokosi linatsika lokha padoko, muli bulangete ndi wotchi yakufa.

A Davis anali kalaliki wopuma wa ku boma komanso mkulu wa mpingo. Zaka khumi ndi chimodzi ankaimirira pamsonkhano uliwonse wa akulu ndi nkhani imodzimodzi: kuti Uthenga unafika kuno ndi anthu osadziwa liwu ngakhale limodzi la Chitonga, nanga ife tatuma yani? Anthu anatopa nawo mpaka kuwatcha Ada Tumani. Potsiriza mpingo unavomera kutuma achinyamata atatu kumidzi ya Ayao, kumapiri a ku Mozambique, tsidya la nyanja. Awiri makolo awo anawabweza. Anatsala Keziah, namwino. Ndiye kutatsala sabata kuti akwere sitima ya Ilala, bambo ake anagwa kuseri kwa nyumba, osadzukanso.

"Mawa liti?" anafunsa a Paston. "Mwana sawoloka madzi mwezi wa maliro usanathe. Dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Ada Paston, odzandilandira akutsika kamodzi kokha, mvula isanatseke msewu. Ndikaphonya, kumpingo adzati taonani, ngakhale wa Longwe sanapite. Sadzatumanso munthu."

"Ndiye bwino. Mng'ono wanga ankakonda kutuma. Pakamwa sipatuluka matuza. Iyeyo anafika kuti? Ku Mzuzu, pa minibasi, madzulo n'kubwerera kudzadya kwawo."

Azimayi awiri amene ankapinda malaya anaweramitsa mitu. A Paston anatembenukira kumphasa.

"Alamu, mwana ndi wanu. Nenani ndinu, ife timve."

Mayi Winnie anayang'ana mapazi awo. Zimene Keziah akakumane nazo kuchilendoko iwo ankazidziwa kuposa aliyense m'nyumbamo, kuposa ngakhale malemuwo. Anachoka ku Dedza zaka makumi atatu zapitazo, mkwatibwi wosadziwa kupereka moni m'Chitonga. Azimayi a kumadzi ankawafunsa dala mafunso kuti aseke mayankho. Zaka ziwiri zoyamba ankayankhula ndi amuna awo ndi nkhuku basi. Mayi awo atamwalira, kalata inafika anthu atameta kale. Tsopano Silas, mwana wawo woyamba, anali ku Kepitauni. Maliro a bambo ake anawaonera pa foni chifukwa mapepala ake sanali bwino. Keziah akachoka, nyumbayi itsala ndi iwo okha, pakati pa abale a munthu amene kulibenso.

Ndipo panali china chimene chinkawatentha pachifuwa chiyambire tsiku la imfa. Miyezi yonse ya kukonzekera, a Davis sananenepo ngakhale kamodzi kuti akuopa. Ankangoimba nyimbo, n'kumauza alendo monyadira kuti mwana wathu akupita. Mayi Winnie anali atagamula mumtima kuti amuna awo ankakonda Mulungu ndi anthu akutali. Apafupi anali ongowachapira malaya.

"Keziah sapita," anatero.

"Ama..."

"Ndati supita. Bambo ako anapereka mwana ngati akupereka mkoko wa nthochi. Ine ndinabereka."

Keziah anachoka pazenera. Anatuluka. Mayi Winnie anamumva akukhala pakhonde, pampando wa bambo ake umene unali usanagawidwe.

"Mwanena bwino, alamu," anatero a Paston. Anadula chingwe ndi mpeni kuti aone ngati muli kanthu kogawa, n'kuvundukula chiguduli. Dzanja lawo linaima.

Chivundikiro chinali chitapakidwa penti yakuda yatsopano, dzina la bambo awo litakwiririka. Pamwamba ndi pakati panali choko chabe: dzina la Keziah, ndi dzina la mudzi wa kumapiri uja. Pa dzina la mudziwo choko chinali chitafufutidwa n'kulembedwanso kambirimbiri, mpaka malowo atatuwa. Mzere wapansi wokha ndiwo unali wa penti yoyera, zilembo zowongoka za kalaliki, zobwerezedwa kawiri kuti zinenepe:

LIBWERERE KU CHIKALE, NKHATA BAY, PAMODZI NDI MWINI WAKE.

"Analakwitsa," anatero a Paston chapansipansi. "Amayamba ndi dzina. Kwawo amalemba pomaliza."

Mayi Winnie anakhwekhwereza thupi kufika pabokosi. A Davis anagwira ntchito ya ukalaliki zaka makumi awiri ndi zisanu osadumphapo mzere. Anakumbukira masana aja a sabata yomaliza, amuna awo akuti akukonza mahinjesi kuseri kwa nyumba, n'kumalowa maso ali psuu. Akafunsidwa, ankati ndi fungo la penti. Ndipo kuseri komweko ndi kumene anawapeza atagwa.

Mayi Winnie anatsegula chivundikiro. Munali chitini chaching'ono cha penti yoyera, ndi burashi yokulungidwa m'pulasitiki kuti isaume. China munalibe.

Anakhala nthawi yaitali chala chili pa liwu lomaliza. Kunja ana a anansi ankakangana za mpira. Mkwiyo umene unawagwiriziza masiku onsewo unachoka, ndipo pamalo pake sipanabwere chilichonse chabwino, panangotsala dzenje.

"Ndipatseni supuni," anatero.

Mmodzi wa azimayi aja anabweretsa. Mayi Winnie anatsegulira chitini, navundula penti ndi chogwirira cha supuniyo.

"Keziah."

Mtsikanayo anaima pakhomo, maso otupa.

"Mudzi wakowu bambo ako aufufuta mpaka sukuoneka. Undiuze chilembo chimodzichimodzi."

"Alamu," anatero a Paston, "ada wathu nawonso analemba bwino. Ine ndinali padoko tsiku limene linatsika."

"Ndikudziwa, alamu. Davis analinso pomwepo."

A Paston anayang'ana mzere woyerawo. Patapita kanthawi anagwada ndi mawondo awo owuma, nagwira bokosi mbali zonse ziwiri kuti lisagwedezeke.

Keziah anatchula chilembo choyamba. Mayi ake anayamba kulemba ndi burashi ija, ndipo zilembo zinatuluka zopendama, china chachikulu china chaching'ono. Dontho limodzi linayamba kutsetsereka kulunjika pamzere wapansi. Mayi Winnie analigwira msanga ndi nsonga ya nsalu yawo yakuda, lisanakhudze zimene amuna awo anayamba kulemba.