Zovala za Maradiyo

Amuna anga, a Victorino, anali ndi kaloja kokonzera maradiyo ku Ulongwe, kuseri kwa msika, masiku amene azungu ankatchula malowo kuti Vila Coutinho. Anthu ankabwera nawo pa njinga kuchokera ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa. Kwathu kuno radiyo sinkayenda maliseche. Mkazi aliyense ankaisokera chovala: wina cha chitenje, wina choluka ndi ulusi, wina cha thumba la ufa wa tirigu. A Victorino sankalemba dzina la munthu. Ankangoona chovala n'kudziwa mwini wake, mudzi wake, ngakhale matenda a radiyoyo.

Mu 1972 zipangizo zinasowa. Kampani yaikulu ya ku Beira, imene inkabweretsa maradiyo ndi zipangizo zake, inangosiya kugulitsa kwa okonza ang'onoang'ono. Inali itameza kale maloja a ku Tete ndi ku Moatize. Maradiyo a eni anaunjikana pa matabwa m'loja mwathu, onse ali duu, ndipo amuna anga anayamba kuonda ndi manyazi. Radiyo imene inkawasowetsa mtendere inali ya chovala chofiira, ya mayi Bernardina a ku Lifidzi. Anawagulira ndi mwana wawo ku Joni, chaka chimodzi asanafere mu mgodi. Loweruka lililonse mayiwo ankabwera wapansi kudzafunsa ngati yayankhula.

Ndiye kunatulukira alongo anga, a Nicolau. Anali atapeza ntchito ku kampaniyo, ndipo anafika ndi tayi pakhosi ndi Chipwitikizi chodzaza m'kamwa, munthu yemwe ndinakula ndikumuona akukumba mbatata ndi kabudula wobooka kumbuyo.

"Alamu, gulitsani loja," anatero. "Inu mukhala momwemo, dzina lanu likhala pakhomo pomwepo. Zipangizo zibwera ndi kamiyau yoyamba. Maradiyo onsewa ayankhula Natale, Khirisimasi, isanafike."

"Nanga katundu wa eniyu?" anafunsa amuna anga.

"Angamukhudze ndani? Mukuyankhula ndi mlamu wanu, si mzungu."

Anasamba m'manja m'mbale imodzi ndi amuna anga, anadya nafe, ananyamula mwana wathu n'kumuseweretsa. Kwathu mawu amene mlamu wanena pa chakudya safunsidwa kawiri. Mawa lake a Victorino anasaina, ndipo anatumiza uthenga m'midzi kuti anthu akonzekere kudzatenga maradiyo awo.

Kamiyau, lole ya kampani, inabweradi, koma yopanda kanthu. Anatsika mzungu wa kampani ndi anyamata onyamula katundu, a Nicolau ali patsogolo ngati mwini maliro. Anayamba kutulutsa maradiyo.

A Victorino anaima pakhomo. "Patarau, bwana, awa ndi a eni!"

"Tinagula loja ndi zonse za m'katimo," anatero mzunguyo. "Lili kuti pepala losonyeza kuti ndi a eni? Akalewa akupita ku Beira. Wofuna kumva nyimbo agule watsopano."

Atsopanowo tinali titawaona kale: omata mbali zonse, osatseguka. Akafa, afa.

Mzunguyo sindinamukwiyire kwambiri, si m'bale wanga. Chimene chinandiwotcha mtima ndi kuona a Nicolau akuvula maradiyo aja ndi manja awo, imodzi ndi imodzi, n'kumaponya zovala pansi, ati nsanza zingadetse kamiyau. Ndinawagwira tayi ija.

"Achimwene, munkadziwa?"

Sanaphethire n'komwe. "Rufina, kampani sigula loja kuti izikonza zakale. Alamu apatsidwa ntchito yogulitsa. Muzithokoza."

"Munadya m'nyumba mwanga!"

"Ndiye ndilipire?"

Ndinalira ndi ukali, msika wonse ukuonerera. Dzina la amuna anga lokha ndi limene anasungadi monga analonjezera. Linatsala pakhomo kuti wobwera kudzafuna chake adziwe wom'tukwana.

Amuna anga sanatukwane munthu. Anatola zovala zija, anazikung'untha fumbi, n'kuzipinda bwinobwino pa matabwa, chilichonse pamalo pamene panali radiyo yake.

Loweruka anthu anafika, ena atagula kale mabatire. Mayi Bernardina anali oyamba, mapazi ali mbuu ndi fumbi la ku Lifidzi, nkhope ikuwala.

"A Victorino, ndamva uthenga wanu. Yayankhula?"

Amuna anga anatenga chovala chofiira n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anafotokoza zonse, maso ali pansi, osatchula dzina la mlamu wawo. Ine ndinalitchula.

Mayiwo anapisa dzanja m'chovalacho, n'kulitulutsa. Sanakalipe. Anachipinda pang'onopang'ono, n'kuchimanga pa nsonga ya chitenje chawo.

"Palibe kanthu, bambo," anatero. "A ku mgodi nawonso ananditumizira chomwechi. Jekete lokha."