Mkanjo Wobiriwira wa Amalume

Fauzia anaphunzira za madzi apansi pa nthaka zaka zinayi, koma kwawo ku Liwaladzi ankamuonabe ngati kamtsikana kaja kankagenda mango kuseri kwa mzikiti. Ndiye atanena kuti chitsime cha pamzikitipo chitsekedwe, anthu anangoseka.

Vuto linali dzenje la kumtunda, momwe kampani ina yofufuza miyala ya yureniyamu inakwirira matope ake n'kumapita. Mvula ikagwa, madzi ankalowa m'dzenjemo, n'kusungunula poizoni wa m'matopewo, n'kumayenda naye pansi pa mchenga kutsikira kunyanja. Chitsimecho chinali panjira yomweyo. Fauzia anayeza madziwo kawiri ndipo anachita mantha, poti mng'ono wake Kulusumu, yemwe anali woyembekezera, ankamwa omwewo.

Amalume ake a Mohamedi, oyang'anira chitsime, anatunga kapu yodzaza n'kugugudiza iye akuona.

"Wallahi, okoma ngati kale! Mchenga umasefa, mwana iwe."

"Amalume, mchenga umasefa zinyalala. Izi zimasungunuka ngati mchere. Likanakhala dongo bwenzi likugwirako zina."

"Tiziwiritsa basi."

"Kuwiritsa sikuchotsa!"

"Nanga ukukalipiranji?"

Anthu akenso! Fauzia zinamukwana. Anakwera kudzenje kuja ndi chitini cha utoto wobiriwira wosavulaza, umene akatswiri amalondolera nawo madzi, n'kuukhuthulira momwemo. Anauza aliyense zimene wachita, koma palibe anazitengera.

Patatha milungu itatu ya mvula, Lachisanu lina, mkanjo woyera wa a Mohamedi unachoka kochapa uli biriwiri ngati mbande za mpunga. Otawaza, omwe ankasamba ndi madziwo kuti akaswali, anayang'ana m'manja mwawo n'kudzuma. Tsiku lomwelo chitsime anachikhomera malata, amayi n'kuyamba kukatunga kumjigo wa kusukulu, ulendo wa ola lathunthu. Fauzia mtima unakhala pansi.

Koma utoto sukhalitsa m'madzi oyenda. Mwezi utatha, a Mohamedi anamupeza pakhonde akumwetulira mano onse pamtunda.

"Alhamdulillah, poizoni wako uja watha. Ndasuzumira, madzi ali mbee!"

"Wanga? Amalume, utotowo unangokuonetsani njira. Poizoni weniweniyo saoneka, akadali momwemo!"

"Aaa, iwe sukhutira. Ife tatsegula kale."

Fauzia anathamangira kuchitsime. Malata anali pambali, ndipo Kulusumu anali atawerama movutikira ndi mimba yake, akumwa m'manja.

"Achemwali, musandiyang'ane choncho. Kumjigo n'kutali, miyendo yatupa."

Fauzia anamulanda ndowa n'kukamutungira kumjigo yekha, akung'ung'udza njira yonse. Pobwera anatenga chitini china cha utoto. Ulendo uno sanavutike n'kukwera kudzenje. Anadikira kuti anthu alowe mumzikiti, n'kuukhuthulira m'chitsime mwenimwenimo, osauza munthu.

Zaka zinayi za sukulu, mapeto ake kunamiza abale ake ndi utoto! Anachita manyazi, komanso anapsa mtima. M'katoni munatsala zitini ziwiri zokha, pamene Kulusumu anali atatsala ndi miyezi inayi kuti achire.