Dzina la Ellard m'Bungwe la Nyali

Horace Chikafa anafika ku Katowo Lachitatu m'mawa, mu Ogasiti 1976, galimoto ili mbuu ndi fumbi. Anapeza Tenesi Mhango akusoka bala la mayi wina amene anadzitema ndi khasu pamwendo. Tenesi ndiye ankayang'anira kachipatala ka pamenepo. Anthu ankamutchula kuti adokotala, ngakhale maphunziro ake anali a wothandizira dokotala.

Awiriwa anaphunzira limodzi kusukulu ya zachipatala kummwera, ndipo onse anali a Bungwe la Nyali. M'bungwemo simunkalowa munthu wamba. Chaka chilichonse aphunzitsi ankasankha ophunzira asanu okhoza koposa n'kuwaveka kabaji ka mkuwa kojambulidwa nyali. Olowawo ankalumbira zinthu ziwiri: kusabisa choonadi pa za odwala, ndi kusataya mnzawo wa m'bungwe. Atamaliza sukulu ankalemberanabe makalata, kuuzana za mankhwala atsopano ndi matenda ovuta. Horace, wa ku Thyolo, anali wapampando, ndipo ankagwira ntchito kulikulu.

Mlembi wawo anali Ellard Nyirenda, wa pachipatala cha ku Mwazisi. Miyezi iwiri m'mbuyomo, Ellard analembera anzake onse kuti chikuku chapha ana khumi ndi asanu ndi awiri m'dera lake, katemera sakufika, amene ali naye wotsala amutumizire. Patatha masabata atatu kunabwera anthu pa Landirova, n'kumutenga odwala ali pamzere. Akuti ankaipitsa mbiri ya dziko.

Mayi uja atathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene n'kutuluka akutsimphina, Tenesi analowetsa mlendo wake m'chipinda chosungira mankhwala, natseka chitseko.

"Ellard ali kuti?"

"Sindikudziwa, a Mhango, ndipo musamafunse zimenezo," anatero Horace, akutulutsa pepala lotayipa m'chikwama. "Ndabwera kuti musaine apa."

Tenesi anawerenga ataimirira. Pepalalo linkanena kuti a Bungwe la Nyali amuchotsa Ellard Nyirenda, kuti kalata yake inali yabodza, ndipo anailemba yekha popanda bungwe kudziwa. M'munsi munali masiginecha makumi awiri ndi awiri. Mayina onse ankawadziwa. Ena mwa iwo Ellard ndi amene ankawaphunzitsa za mafupa mayeso akayandikira.

"Yabodza? Ine ndinapitako pa njinga, a Chikafa. Manda a anawo ndinawaona ndi maso angawa."

"Nkhani si manda. Masiku ano gulu lililonse limene si la chipani amaliyang'ana ndi diso lofiira. Anzathu atatu akudikira kupita kunja kukaphunzira udokotala weniweni. Bungwe likatchulidwa loukira, atatuwo ayiwale za ulendowo."

"Ndiye mwasankha kumupereka nsembe Ellard."

"Ellard anadzipereka yekha ndi cholembera chake."

Tenesi anapinda pepala lija pakati. Kuseri kwa khoma kunali odwala pabenchi, ndipo pakati pawo sakanadziwa kuti khutu la ndani ndi la yani. Anayankhula motsitsa mawu.

"Kalata ija inapita kwa ife tokha, anthu a m'bungwe. Inafika bwanji kwa eni Landirova?"

Horace anayang'ana mabotolo a pashelefu.

"Ndinaipereka ndine," anatero. "Ikanapezeka m'kabati mwanga ndisananene, akanayamba ndi ine. Ndili ndi ana anayi, achimwene."

"Musanditchule achimwene. Ellard ali ndi ana asanu. Wamng'ono akuyamwa."

"Inu muli kuno kutchire, simukudziwa mmene tikukhalira kulikulu."

"Kutchire kuno ndiko kukufa ana. Munaimirira pafupi ndi ine tsiku lolumbira lija, dzanja lili m'mwamba, amayi anu akulira ndi chimwemwe kumbuyo. Munkalumbira chiyani? Kuti mudzadye nkhuku pa phwando la chaka ndi chaka?"

Tenesi anagwira jekete la Horace pachifuwa n'kuzula baji ya nyali ija, nsalu n'kung'ambika. Anaiponya mu ndowa ya mabandeji akuda. Dzanja lake linakwera kachiwiri, koma analibweza. Sanamenyepo munthu chibadwire, ndipo anadabwa mmene analili wofunitsitsa kutero.

"Tengani pepala lanu. Sindisaina."

"Mukudziwa tanthauzo lake? Dzina losowa pa pepalali liwoneka kwambiri kuposa onse amene alipo."

"Liwoneke. Tulukani, ndili ndi odwala."

Horace anatuluka ataphimba pong'ambikapo ndi chikwama. Tenesi anaitana wodwala wotsatira.

Masabata otsatirawo anakonzeratu kathumba ka bulangete ndi sopo, n'kukaika kuseri kwa chitseko. Galimoto iliyonse ikaima pamsika, mkazi wake Vailet ankasiya chimene akuchita n'kuthamangira kuchipatala. Eni Landirova aja sanabwere kudzamutenga. Kunangobwera kalata ya mizere itatu yomuchotsa m'bungwe, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake silinkapezeka pa mndandanda wa okwezedwa kapena opita kumaphunziro. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita ku Mwazisi kukaona ana odwala, popeza m'malo mwa Ellard sanatumizemo munthu kwa chaka chathunthu.

Ellard anatuluka m'ndende mu 1979, atawonda, mano akutsogolo atachoka. Tenesi anakamupeza kwawo atakhala pakhonde, akusankha fodya wa mlamu wake, pakuti ntchito sanamubwezere. Anamufotokozera zonse: pepala, masiginecha, ndi zimene Horace anaulula.

Ellard anamvetsera osasiya kusankha masamba.

"A Chikafa anandilembera sabata yatha," anatero. "Akuti bungwe likhoza kundilandiranso mwakachetechete, ndipo mwina andipezera ntchito kuchipatala cha mishoni. Ndavomera."

"Mwavomera? Anthu amene anakugulitsani?"

"Ana anga akufuna sukulu, a Mhango. Ndipo kunena zoona, kumene ndinali kuja, akanandipatsa pepala lonena za inu, ndikanasaina lisanathe tsiku loyamba."

Tenesi anaimirira. Anafuna kukalipa, koma sanapeze pomuyambira munthu amene anali atakhala zaka zitatu m'chitolokosi. Mkazi wa Ellard anali atabweretsa tiyi, ndipo Tenesi anamwa ataimirira, wotentha choncho, n'kutsanzika. Pa chitunda chotulukira ku Mwazisi tcheni cha njinga chinaduka. Anaikankha mpaka ku Katowo, akutukwana njira yonse, ndipo atafika Vailet anaona nkhope yake n'kungomuikira madzi osamba osamufunsa kanthu.