Dzina la pa Chitupa

Evelyn anali ndi khalidwe limene anzake ogulitsa nawo tomato pa siteji ya maminibasi ku Dzivarasekwa, komboni ya m'dziko la eni, ankati n'kudziputira tsoka. Akapita kukalambula manda a mayi ake sankabwerako msanga. Ankazungulira pakati pa ziliza zakale zakumapeto, kuwerenga maina a anthu a ku Dedza ndi ku Mangochi amene anabwera kudzafuna ntchito n'kutsalira konkuno. Uyu ankaphikira azungu, kapena ankasenza matumba m'mafakitale a ku Msasa? Nanga uyu, kwawo anamva n'komwe kuti anatisiya?

Koma walira mvula walira matope. Loweruka lina masana anakankha udzu ndi phazi pa chiliza china chopendekeka, n'kuwerenga: Maliko Chisale, wa ku Ntcheu, 1941–1968. Limeneli linali dzina la bambo ake, ndipo kwawo ndi chaka chobadwa zinali zomwezo za pa chitupa chawo. Chonsecho bambowo anali atawasiya kunyumba ali moyo, ngakhale kuti chifereni ziwalo mwezi watha pakamwa panali patalemera.

Evelyn anasiya khasu pomwepo, ulendo kwa a Custodio, nkhalamba ya ku Tete imene inagwira ntchito ndi bambo ake kuyambira unyamata. Anawapeza akusoka nsapato pakhonde.

“Agogo, amene wagona m'manda aja ndani? Nanga amene ndikuwamwetsa phala kunyumba ndani?”

Nkhalambayo inaika nsapato pansi. “Khala pansi, mwanangu. Masiku amenewo munthu wopanda chitupa sankalembedwa ntchito. Bambo ako anabwera wapansi, alibe pepala lililonse, sabata imene Maliko anamwalira. Ife tinangotenga chitupa cha malemuyo n'kuwapatsa. Ambiri ankatero. Chiliza chija anamanga ndi bambo akowo, kupepesa mwini dzina.”

“Ndiye dzina lawo lenileni ndani?”

“Ndikanadziwa ndikanakuuza. Tinapangana kuti lisamveke, kuopa apolisi. Zaka zonsezi ndi Maliko basi.” Anatsokomola, n'kutsitsa mawu. “Ufulumire kuwafunsa. Tsiku lowaika, akuluakulu adzawaitana ndi dzina powatsazika kuti apite kwa makolo awo. Mukadzaitana Maliko adzayankha ndi uja. Bambo ako adzangotsala panjira, opanda wowalandira.”

Evelyn ankapemphera Lamulungu lililonse, ndipo nkhani zoterezi ankaziseka. Tsiku limenelo sanaseke. Anachita mantha enieni, mantha oti bambo amene anamulera ndi manja awiri adzasochera ngati mwana mumsika, iye osadziwa n'kowaitanira komwe.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake ali maso, akuyang'ana malata. Anagwada pambali pa matiresi n'kugwira dzanja limene linkagwirabe ntchito.

“Bambo, ndaona chiliza chija. Sindikukudzudzulani ayi. Mungondiuza dzina limene anakupatsani mayi anu.”

Bambowo anatsegula pakamwa. Maso anayendayenda m'chipindamo ngati munthu wofuna makiyi amene anawaika yekha. Evelyn anasendeza khutu mpaka kumva mpweya wawo patsaya. Anadikira nthawi yaitali.

“Ma… Maliko,” anatero bambowo.

“Ayi bambo, lina lija. La kumudzi.”

Anayesanso, thukuta lili pamphumi. Kenako misozi inatsikira m'makutu, ndipo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Evelyn anazindikira kuti sakumubisira. Nawonso anali akulifunafuna dzinalo.